Fuko la a Ndibwera

Munthu aliyense wochokera ku Malawi amene anatsikira pa renki ya matakisi ku Rustenburg zaka zapitazi, asanapeze pogona, asanadziwe n'komwe koti akamwe madzi, ankayamba wayankha funso la a Leonard Ndibwera. Mkuluyu ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina yoyang'anizana ndi renki, ndipo khutu lawo linkatola Chichewa ngakhale munthu atachinong'ona pakati pa mahutala. Akangochimva, ankasiya nsapato ya mwini ili yasaa kukamwa, n'kudutsa msewu osayang'ana uku kapena uku, n'kumugwira mlendoyo pamkono.

"Kwanu n'kuti, mwanangu? Eya, ndikudziwako. Nanga kumeneko kuli a Ndibwera?"

Ine anandigwira tsiku lenileni limene ndinafika, ndili ndi njala ya ulendo wonse, chikwama chili pamutu. Chifukwa cha phokoso ndinangomva mawu omalizawo, ndiye ndinaganiza kuti mkuluyu akulonjeza kudzacheza kwathu. Ndinayankha mwaulemu kuti adzafike ndithu, ku Ntcheu sitithamangitsa alendo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako n'kufunsa dzina langa. Nditati Phiri, anausiya mkono wanga msangamsanga n'kundipepesa ngati ndawauza za maliro.

Anandifotokozera pomwepo, chikwama chikadali pamutu, kuti Phiri si dzina koma chigulu cha anthu. Ukaponya mwala ku Dedza umagenda Phiri, ukabwerera umagendanso Phiri wina. Anawonjezera kuti kuno ku Joni nakonso Atswana ali ndi a Phiri awo, ndipo m'chinenero chawo phiri ndi fisi. Ndiye kuti ndinawoloka malire onse aja kudzangomva kuti ndine fisi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pa renki linali Fisi. Ndisabise, zinkandinyansa kwambiri, ndipo kwa zaka ndinkalakalaka tsiku loti mkuluyu nayenso adzaione.

Dzina lawo lokha ndiye linali dzina. Ankalitchula ataimirira, chifuwa patsogolo, ngakhale kuti pakati pa ife Amalawi linkawaluzitsa makasitomala. Mnyamata wina wa pa kontirakiti, wobwera kumene, anasiya jombo zake zapantchito n'kufunsa kuti akadzabwera kudzatenga adzafunse ndani.

"Ndibwera," anatero mkuluyo.

"Mukuchokapo, madala?"

"Ayi, ndili pompano. Ndibwera."

"Ndiye mubwera nthawi yanji?"

Zinatha n'kuti mwini jombo ananyamula katundu wake n'kupita kwa wosoka wina wa ku Mozambique kuseri kwa ngodya, akudandaula kuti sangasiye jombo kwa munthu wosakhazikika. A Ndibwera anangopukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano sadziwa mbiri.

Mbiriyo tinkaidziwa tonse pamtima. Ankati kalekale Angoni atafika ku Dedza ndi zishango zawo, amuna onse anathawira kuphiri, n'chifukwa chake ena mpaka lero amatchedwa Phiri. Apa ankandiyang'ana ine. Koma agogo a agogo awo anatenga nthungo, n'kuuza mkazi wawo mawu amodzi okha, ndibwera, n'kupita okha kukakumana ndi nkhondo. Ndipo anabweradi. Angoni amene anagonjetsedwa tsiku limenelo ankachuluka malinga ndi mmene mwezi ulili: pakati pa mwezi anali ochepa, kumapeto kwa mwezi, mkuluyu atalawako pang'ono, ankadzaza dambo lonse. Ine ndinkalakwa pawiri m'nkhaniyi, popeza ndine Phiri komanso kwathu n'kwa Angoni. Za bambo awo, a Jairos, ankangonena mwachidule kuti anafera mumgodi ku Rhodesia iwo akukwawa.

Ntchito yeniyeni ya a Ndibwera sinali nsapato ayi, inali kusaka anzawo a dzina. Madalaivala a mathiraki ankawasokera ulere, malinga ngati akafunsefunse m'njira. Malumbo, mtsikana wa ku Rumphi amene ankaluka tsitsi pafupi ndi khondelo, ankamutuma kufufuza pa fesibuku mpaka foni yake kuthima. Zimene anapeza ankazisunga kumutu, ndipo mlendo akakhala ndi tsoka loti alibe kothawira, ankamukhazika pa kireti n'kutulutsa zidendene zakale za nsapato n'kuzindandalika pa simenti.

Chidendene choyamba chinali Dedza, ndiye iwowo. Chachiwiri Tete, kumene kunali bambo wina womata matayala, ngakhale kumeneko ankalemba Dibuera, chifukwa Apwitikizi, malinga ndi mkuluyu, anameza chilembo choyamba ndi njala. Chachitatu Harare, mayi wogulitsa masamba ku Mbare. Chachinayi Bulawayo, dikoni wa tchalitchi china. Chachisanu Francistown ku Botswana, bambo amene Malumbo anamupeza pa fesibuku atajambulitsa ali pa thalakitala. Akamaliza kundandalika, ankatambasula manja pamwamba pa zidendenezo ngati m'busa akudalitsa chopereka.

"Maiko anayi, Fisi. Ndi Joni yano asanu. Inu a Phiri mulipo ambiri, koma ife tinafika patali."

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthuwa amene anakumana naye. Mayi wa ku Harare anamuimbira foni kamodzi, ndipo mayiyo atangomva kuti akufunsidwa za dzina la bambo ake anadula. A Ndibwera sanakhumudwe. Anatiuza kuti umenewo ndiye mwazi wawo weniweni, sulankhula ndi munthu wamba pa foni.

Khondelo ankagawana ndi Halidi, telala wa ku Mangochi, munthu wolankhula pang'ono chifukwa nthawi zambiri pakamwa pake pankakhala mapini. Tsiku lina Halidi anaimitsa makina, n'kuyang'ana zidendene zija kwa kanthawi, n'kulavula mapini m'dzanja.

"Madala, bwanji abale anuwa ali pamzere umodzi ngati masiteji a basi? Ndipo mwaona kuti mukamatsikira kumwera, zaka zawo zikucheperachepera?"

A Ndibwera anayankha kuti telala amadziwa kutalika kwa buluku basi, za mafuko azisiye. Tinaseka tonse, Halidi anabwezera mapini pakamwa, nkhani inathera pomwepo.

Koma panali Ndibwera wina amene analibe chidendene pa simenti paja, ndipo tonse tinkamudziwa. Anali mwana wawo, Rozalia. Mkuluyu anabwera ku Joni ndi Teba, kale anthu akadalembedwa ntchito za m'migodi kuchokera kumudzi, ndipo anasiya mkazi ali ndi khanda kumsana. Kontirakiti itatha anzawo anabwerera, iwo anatsala kuti awonjezere kangachepe. Kenako ntchito inatha, kangachepe kaja kanadyedwa, ndipo manyazi obwerera chimanjamanja anakula kuposa chikwama chilichonse chimene akanatha kudzaza. Anasanduka mtchona. Mkazi uja anamwalira iwo ali konkuno. Rozalia anakula, anakwatiwa, anabereka, ndipo nambala ya bambo ake anaipeza kudzera kwa dalaivala wina.

Ankaimba mvula ikayandikira, nthawi imene anthu amakonzekera zopita kumudzi. Foni ikalira, a Ndibwera ankaimirira, n'kuvula chipewa, n'kuyankha ndi mawu aakulu oti renki yonse imve kuti ali ndi mwana. Ankafunsa za mbewu, za mbuzi, za zidzukulu zimene sanazionepo. Kumapeto mawu ankatsika, ndipo tonse tinkadziwa funso limene lafunsidwa kumbali inayo, loti abwera liti.

"Ndibwera, mayi. Ndibwera."

Malumbo ankadikira kuti adule, kenako n'kufunsa ngati pamenepo amalonjeza kapena amangosaina. Tinkafa nazo nseko, iwonso ankaseka nafe. Ankati sangapite kwa mwana manja ali lendee. Ndalama analibe, koma ankafuna kukamupatsa chinthu choposa ndalama: kukamuuza kuti si wamasiye, ali ndi fuko lofika maiko asanu. Akangolipeza lonse, basi, akwera. Vuto linali chifuwa. Fumbi la pansi pa nthaka linawatsalira m'mapapo, ndipo chaka chilichonse chifuwacho chinkatalika, mpaka nthawi zina nkhondo ya Angoni inkaima pakati kudikira kuti amalize kutsokomola. Aliyense pakhonde paja ankaona kuti ngati Rozalia adzaione nkhope ya bambo ake, iyenera kukhala posachedwa. Koma palibe ankanena, popeza aliyense wa ife anali ndi wake womudikira.

Ndiye linafika Loweruka lina m'mawa. Kuno matakisi amalembedwa dzina la mwini wake pachitseko, timalemba ting'onoting'ono toti munthu wabwinobwino sawerenga. A Ndibwera ankawerenga chitseko chilichonse. Tinangoona munthu wadzambatuka, nsapato yachikazi ya gogoda ili m'manja, akuthamangira takisi yoyera imene inkatuluka pa renki, akukuwa m'Chifanakalo chawo cha kumgodi kuti iime, mwini dzina ali pano. Dalaivala ataona mdala akumuthamangira ndi gogoda m'mwamba anaponda mafuta. Mkuluyu anabwerera ali wefuwefu, anatsokomola mpaka tinachita mantha, koma maso ali ngwee ngati mwana. Pachitseko paja panalembedwa P. Ndibwera, Phokeng, zilembo zonse zilipo, palibe chimene chinamezedwa. Woyang'anira mzere wa matakisi anatsimikiza kuti mwini wake ndi bambo wina dzina lake Peace.

Zaka zonse zija akufunsa alendo a kutali, m'bale anali ku Phokeng, ulendo wa takisi imodzi.

Lamlungu lake anavala jekete imene kasitomala wa Halidi anaiiwala, manja ake ofika m'zala, n'kubwera kudzandigogodera. Ankafuna womasulira. Chitswana chawo, atakhala kuno theka la moyo wawo, chinali Chifanakalo chokhala ndi rra, ndiye kuti bambo, kumapeto, ndipo Atswana sachikonda Chifanakalo, amati ndi chinenero cholalatirana pansi pa mgodi. Ine Chitswana ndinachitola kuntchito ndi kwina kumene sinditchula. Ndinavomera chifukwa chofuna kuonerera. M'takisi anauza aliyense, mpaka agogo ena osamva, kuti akupita kukalumikiza fuko lachifumu.

Nyumba tinaipeza mosavuta, ya njerwa, bwalo losesedwa bwino, takisi yoyera ija itaima pansi pa mtengo wa mapichesi. Bambo amene ankaitsuka anatembenuka, ndipo ine ndinaona makutu ndisanaone nkhope. A Ndibwera anali ndi makutu otambalala ngati zitseko za galimoto zosiyidwa chitsegulire, ndipo ndinkaganiza kuti padziko lonse alipo awiri okhawo. Apa panali ena awiri. Peace anali chimunthu cha zaka za m'ma fifite, ndipo poyamba anatiyang'ana ngati anthu odzapempha ganyu. Nditamuuza dzina la mkulu amene ndinali naye, anasiya nsanza pa galasi, n'kuyang'ana makutu a mnzakeyo, n'kugwira ake, n'kupita kukaitana mayi ake.

Gogoyo, amene onse ankamutcha MmaPeace, anatuluka pang'onopang'ono atafunda bulangete paphewa, n'kukhala pampando padzuwa. Anawayang'ana a Ndibwera nthawi yaitali. Kenako ananena mawu amodzi amene sanafune womasulira.

"Jairos."

A Ndibwera anawomba m'manja ndi chimwemwe. Anandiuza kuti ndiwafotokozere mayiwo kuti Jairos anali bambo awo, amene anafera mumgodi ku Rhodesia kalekale. Ndinamasulira. Gogoyo anaseka kachiseko kouma n'kunena kuti ngati ndi choncho, ndiye kuti mzukwa unamudyera chakudya chake zaka zingapo, ndipo unali mzukwa wokonda nyama.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inavuta. MmaPeace ankalankhula modekha, akuyang'ana manja ake, ine n'kumapereka kwa mkuluyo pang'onopang'ono. Jairos anafika ku Phokeng kuchokera ku Francistown, migodi ya kuno ikutsegulidwa kumene, ali ndi sutikesi ndi wailesi. Anali munthu wosangalatsa, wodziwa kuvina, wodziwa misewu ya Bulawayo ndi Harare ngati kuseri kwa nyumba yake. Pa chitupa chake, anatero gogoyo, panalembedwa Jairos Phiri.

Apa ndinaima. Tsiku limene ndinalidikira zaka zonse zija linali litafika, lokwanira bwino, ngati Mulungu wandikonzera yekha. Koma nditayang'ana mkuluyo, ali m'jekete ya eni, akumwetulira kudikira kuti ndimasulire, mawuwo anandilemera pakamwa. Ndinawanena ndikuyang'ana pansi. Kumwetulira kuja kunatsala pankhope kopanda mwini.

Gogoyo anapitiriza. Anzake a Jairos a ku Nyasaland sankamutcha Phiri. Ankamutcha Ndibwera, ndipo akamutchula ankaseka n'kumumenya paphewa. Iye ankaganiza kuti ndi dzina lomutamanda, monga Atswana ali ndi maina awo otamandirana. Tsiku limene Jairos anachoka, Peace ali woyamwa, anaima pageti ndi sutikesi ija, n'kutchula dzina lakelo kawiri, n'kumapita. Mayiyo anadabwa, koma anati mwina ndi mwambo wa kwawo, kuti mwamuna akamatsanzika amadzitchula dzina. Polembetsa mwana, anakana kumulemba Phiri. A Phiri kuno ndi ambiri, mwana akanasowa pakati pawo. Anamulemba dzina losowalo kuti bambo ake akadzamufuna asadzavutike kumupeza.

Peace anali ataima kumbuyo kwa mpando wa mayi ake, manja m'thumba, akuyang'ana mtengo wa mapichesi. Ndikuganiza kuti nkhaniyi ankaimva koyamba yonse.

MmaPeace anati kale anafunsapo Mmalawi wina wosamalira maluwa kuti dzinali limatanthauza chiyani, koma bamboyo anaseka atabisa pakamwa, n'kunena kuti ali ndi ntchito yambiri. Sanafunsenso munthu. Tsopano popeza mwini dzina wabwera yekha pakhomo, amuuze.

Ine ndinali nditayamba kale kufunafuna m'mutu kuti nthungo ndi chishango amati chiyani m'Chitswana, chifukwa nkhani ya Angoni sinkalephera. Koma a Ndibwera anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa ndi mkono wa jekete.

"Auze, Phiri," anatero chapansipansi. "Auze mmene zilili."

"Ke tla boa, mma," ndinatero ine. Ndibweranso.

Gogoyo anawabwereza mawuwo yekha, pang'onopang'ono, ngati akulawa chakudya chimene sakuchidziwa. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, n'kumapukuta ndi nsonga ya bulangete, phewa likugwedezeka, ndipo sindinathe kudziwa pamene kuseka kunathera. Atapeza mpweya anati, "O diegile." Ndiye kuti, wachedwatu. Peace anazungulira kuseri kwa nyumba, tinamva ndowa ikugubuduka, ndipo patapita kanthawi anabwerako nkhope atasamba.

Tinkaganiza kuti zatha, koma MmaPeace anawafunsa a Ndibwera ngati ali ndi ana. Sanadikire kuti ndimasulire, anakweza chala chimodzi. Ali kuti? Analoza kumpoto. Anamuona liti komaliza? Mkuluyo anatambasula manja kusonyeza kutalika kwa khanda. Gogoyo anangowayang'ana makutu aja, kenako n'kuuza Peace kuti alendo awapatse tiyi. Anathira shuga wambiri, koma sindinamwepo tiyi wovuta kumeza ngati ameneyo. Manyazi a mkuluyo anali ngati andigwira ine, ndinkalephera ngakhale kukweza kapu.

Pobwerera m'takisi mkuluyo ankangoyang'ana pawindo. Ine ndinauza Halidi yekha, pomudalira kuti ndi wa mapini pakamwa, koma pofika Lachiwiri renki yonse inali itadziwa. Chodabwitsa n'chakuti palibe anawaseka. Ngakhale Malumbo, amene lilime lake silipuma, ankangowapatsa moni n'kudutsa. Anthu amene tinkaseka dzinalo chaka ndi chaka tinapezeka tikuyenda mwakachetechete pakhonde paja ngati pali wodwala.

Zidendene zija anazigwiritsa ntchito. Tete anamukhomera pa jombo ya mlonda wina, Harare ndi Bulawayo anapita pa nsapato za tchalitchi za bambo wa ku Waterfall East, Francistown sindikudziwa anathera kuti. Alendo ankatsika pa renki n'kudutsa osagwidwa mkono. Tsiku lina masana, kulibe makasitomala, anandiitana n'kundifunsa, nkhope ili pa nsapato imene ankasoka, kuti kodi a Phiri timatani.

"Timangokhala, madala," ndinatero. "Tilipo ambiri, sitisowana."

Anaseka pang'ono, koyamba chibwerere ku Phokeng, n'kunena kuti choipa si kukhala Phiri. Choipa n'chakuti anakhala moyo wawo wonse akunyadira mawu amene anthu ankanyozera nawo bambo awo, uku iwo akuwanena kwa mwana wawo chaka ndi chaka.

Sanadikire Disembala, nthawi imene anthu amapita ndi mafiriji ndi njinga pamwamba pa ngolo. Ananyamuka mwezi wopanda dzina, pakati pa sabata. Zida zawo anamusiyira wa ku Mozambique uja. Katundu yense anali kachikwama kamodzi ndi bulangete latsopano limene MmaPeace anatumiza kuti likafike kwa Rozalia. Peace anabwera yekha ndi takisi yoyera ija kudzawaperekeza ku Johannesburg kokwerera basi, ndipo anakana kulandira kanthu. Anandiuza kuti dzina pachitseko salifufuta. Analiganizira bwino, ndipo kwa takisi palibe dzina labwino kuposa limenelo, chifukwa yakeyo imapita n'kubweradi tsiku lililonse. Nditamasulira, abale awiriwo anaseka limodzi, makutu anayi akugwedera.

Tinawaperekeza mpaka pachitseko. Halidi anawagwira dzanja, ndipo mwachizolowezi chabe, monga timanenera kwa aliyense wopita kumudzi, anafunsa kuti tionananso liti.

"Sindibwera," anatero mkuluyo.

Tinaseka, popeza zinali zoseketsa, koma chisekocho chinafera m'njira. Iwo anakwera kutsogolo, chikwama pamiyendo, osacheuka.

Zotsala tinazimva kwa Rozalia, amene anaimba pa foni ya Malumbo nyengo yozizira itatha. Bambo ake anafika bwino. Iye sanathamange kukawakumbatira, anaima pakhomo n'kuwayang'ana, kenako n'kuwapatsa madzi akumwa. Zidzukulu zinkawaopa chifukwa cha chifuwa, koma anazigonjetsa pozisokera nsapato, ndipo pofika nthawi yokolola panalibe nsapato yong'ambika m'mudzi monse. Anamwalira m'mwezi wa June, masana, atakhala pakhonde. Malumbo anafunsa ngati iye akulitchulabe dzina lija. Rozalia anati sanalitchulepo chiyambire sukulu, anzake ankamuseka, ndiye analembedwa dzina la malume ake. Choncho ku Dedza, kumene linayambira, dzinalo linalowa m'manda ndi mwini wake. Latsala ku Tete, ku Harare, ku Bulawayo, ku Francistown ndi ku Phokeng, kwa anthu amene ambiri a iwo salimva tanthauzo.

"Ndinali wokwiya, ndipo mkwiyowo sunathe," anatero Rozalia. "Koma ndawaika ndekha, ndikudziwa pamene ali."

Pamalo pawo pakhonde tsopano pali mayi wina wogulitsa mapeyala. Ndi munthu wabwino, koma sadutsa msewu chifukwa cha aliyense. Alendo ochokera kumudzi amatsika, amaima pakati pa renki ndi zikwama zawo akuyang'ana uku ndi uku, ndipo zimatenga nthawi kuti wina awalankhule. Takumbukira mochedwa kuti mkulu uja akamaliza kukutukwana dzina, ankakuuzanso kumene kuli chipinda chotchipa ndi kapitawo amene akulemba anthu. Ine palibenso amanditcha Fisi. Ndinkaganiza kuti ndidzasangalala, koma ayi, ndimawasowa kwambiri.

Chimene anatisiyira ndi vuto la mawu amodzi aja oti ndibwera. Kale tinkawataya paliponse ngati makoko a mtedza. Lero munthu akamadzuka kupita kuseri amati ndili pompano, kapena amangoloza ndi mutu. Tikamva wobwera kumene akuwanena pa foni, momasuka, akuseka, timayang'ana kumbali.

Mwezi wathawu mvula itayamba, tinali pakhonde pomwepo ine ndi Malumbo, Halidi akupinda buluku. Foni yake inalira, nambala ya ku Mangochi. Anali mwana wake wamkazi, Umi, amene anamusiya asanayambe sukulu ndipo pano akukonzekera mayeso a fomu folo. Foni ya Halidi ndi yaphokoso, tinkamva zonse. Anafunsana za moyo, za mpunga, za denga lodontha. Kenako mtsikanayo anafunsa funso lija.

Halidi anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi n'kuwabaya pa nsalu. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Malumbo anaweramira tsitsi la kasitomala, ine ndinayamba kuwerenga chitseko cha takisi imene inaima patsogolo pathu.

"Baba, mukundimva? Muli pomwepo?"

"Ndikukumva, mwanangu," anatero Halidi. "Ndikadali kuno."